Kalulu walowa m'kanema, agogo atsala okha pamoto

Nyengo yokolola ikafika, kachewere atakumbidwa ku Tsangano ndipo fodya atagulitsidwa ku Furancungo, ndalama imayamba kuoneka m'matumba mwa anthu. Ndi nthawi yomweyi pamene eni nyumba zoonetseramo vidiyo amapukuta fumbi pa zokuzira mawu, kuthira mafuta m'jenereta ndi kulemba ndi choko pabolodi mafilimu a tsikulo. Amene ali ndi lamya ya m'manja naye amathamangira kwa anyamata obena nyimbo kuti akamuikire zatsopano pa kakhadi. Kupatula nyimbo ndi mafilimu omenyana, zimene ana ndi achinyamata amazifuna kwambiri ndi ziwiri, nthabwala ndi makatuni.

Nkhaniyi yagawa makolo pawiri. Ena akuti palibe vuto, poti mwana amene akuseka pamaso pa kanema ndiye kuti sali ku mowa kapena ku juga. Ena akuti zinthuzi zabwera kudzaononga, chifukwa mwana wa lero amadziwa dzina la mbewa ya m'katuni koma sangathe kunena nthano imodzi yokha mpaka kumapeto. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo m'pofunika kuziyeza modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba n'chakuti kuseketsa anthu si luso lobwera ndi magetsi. Pa maliro a Achewa, adzukulu ali ndi ufulu wonena zoseketsa ngakhale pamene anamfedwa misozi ili mbwembwembwe, ndipo palibe amawakwiyira chifukwa aliyense amadziwa kuti akupepuza mitima. Asuweni amanyozana mpaka mlendo kuganiza kuti pabuka ndewu, chonsecho ndi chikondi. Ku bwalo nako, gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi zilombo zina zimene zimaonetsa chidakwa, waulesi kapena munthu wonyada, anthu n'kumaseka kwinaku akutolapo phunziro.

Koma nthabwala zonsezi zinali ndi malamulo ake. Zimadziwika kuti woseka ndani, wosekedwa ndani, pa nthawi yanji ndiponso pamaso pa yani. Mawu amene msuweni anganene kwa msuweni mnzake sangawanene kwa apongozi. Mdzukulu akachoka kumanda, ufulu wake uja umathera pomwepo. Mfundo imeneyi njofunika kuisunga, chifukwa ndi pamene pagona kusiyana kwa nthabwala zakale ndi zimene zikubwera pa kakhadi.

Anthu ambiri a m'maboma a Tsangano ndi Macanga anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza pa nthawi ya nkhondo, ndipo anayamba kubwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pobwerera sanangosenza mapoto ndi mabulangete okha. Anabweranso ndi chizolowezi chomvera masewero a pa wailesi ya MBC, makamaka nthabwala za Izeki ndi Jakobo. Awiriwa, amene maina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, analinso m'gulu la zisudzo la Kwathu. A Nyanga anamwalira mu 2016 ndipo a Mabedi anatsatira mu 2021, koma mpaka lero nthabwala zawo zikuyendabe m'malamya mbali zonse ziwiri za malire.

Chimene chinawapatsa mbiri n'chakuti ankaseka zinthu zimene aliyense amazidziwa: ngongole yosabweza, mlendo wochokera kumudzi amene safuna kutsanzika, munthu wodzitama m'tauni pamene m'nyumba mwake mulibe ndi ufa womwe. Womvera ankaseka kaye, kenaka n'kuzindikira kuti amene akusekedwayo ndi iye mwini. Apa ndiye pali ubwino waukulu wa nthabwala. Mawu amene mfumu kapena mbusa angawanene anthu n'kukwiya, wanthabwala amawanena anthu omwewo n'kumuombera m'manja.

Masiku ano kwabwera mtundu wina wa nthabwala. Munthu mmodzi amaima pa nsanja ndi chokuzira mawu m'manja, popanda mnzake womuyankha, popanda zovala za sewero, n'kulankhula kwa ola lathunthu anthu akuseka. Zonsezo amazijambula n'kuzigulitsa ngati filimu. Amene anatchuka nazo kwambiri kuno kumwera kwa Africa ndi Trevor Noah wa ku Johannesburg, yemwe anafika mpaka poyendetsa pulogalamu ya The Daily Show ku America kuyambira 2015 mpaka 2022. Mmalawi wina, Daliso Chaponda, anakhala wachitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017, akuseketsa Angerezi ndi nkhani za mmene iwo amaonera anthu a ku Africa.

Ubwino wa mtundu umenewu ngwoonekeratu. Sulira ndalama zambiri, poti chofunika ndi pakamwa ndi mutu woganiza basi. Mnyamata wa ku Ntengo wa Mbalame kapena ku Chidzolomondo amene amagwetsa anzake ndi phwete pa msika akhoza kujambulidwa ndi lamya, mawa lake n'kumveka ku Tete ndi ku Lilongwe. Komanso munthu woima yekha amatha kunena zoona zowawa, monga za katangale, kukwera mitengo kwa feteleza kapena ogula mbewu amene sikelo yawo imadya mbali imodzi, zimene mlimi payekha amaopa kuzitchula.

Koma walira mvula walira matope. Vuto loyamba ndi lakuti chojambulidwa sichidziwa malamulo aja. Nthabwala imene inanenedwa usiku mu holo ya m'tauni, pamaso pa akuluakulu amene analipira pakhomo ndipo ena ali ndi botolo m'manja, imadzaonedwa masana dzuwa likuswa mtengo ndi mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Lamya siyang'ana kuti pali apongozi kapena pali mwana. Imangotulutsa mawu momwe analowera, ndipo mawa lake mwanayo akawabwereza pa chitsime, manyazi amagwira mayi ake.

Vuto lachiwiri ndi kutalika. Kuseketsa anthu kwa mphindi zisanu n'kotheka, koma ola lathunthu ndi ntchito ya kalavulagaga. Nzeru zikatha pakati panjira, anthabwala ena amagwira zapafupi: kunyoza amayi, kutsanzira mayendedwe a munthu wolumala, kuseka achibwibwi, kapena kutonza kalankhulidwe ka mtundu wina. Anthu a m'malire muno amaidziwa bwino nthabwala yotereyi, chifukwa kawirikawiri wosekedwayo amakhala iwo, amene amasakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi ndipo amawerenga ndalama m'makwacha ndi m'meticais momwe. Choopsa koposa ndi nthabwala zokhudza anthu achialubino. Kuyambira cha m'ma 2014 anthuwa akhala akubedwa ndi kuphedwa ku Malawi ndi kuno ku Mozambique chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa. Wanthabwala amene amatchula mnzake wachialubino kuti ndalama, kaya akuti akungocheza, akuthirira bodza limene lapha anthu.

Muyeso wake ndi wosavuta. Nthabwala yabwino imaseka khalidwe limene munthu angalisinthe, monga umbombo, ulesi ndi kunyada. Nthabwala yoipa imaseka chilengedwe chimene munthu sanachisankhe. Woseka mnzake wotere aiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Vuto lachitatu limagwera wanthabwala mwiniwake. Kakhadi kakadzazidwa pa msika, ndalama imalowa m'thumba la mnyamata wobena, mwini luso osaonako ngakhale khobidi. Ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza aluso, koma nthabwala imene ikudumpha kuchoka m'lamya ina kulowa m'lamya ina palibe angailondole. Munthu akhoza kutchuka m'midzi yonse kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Furancungo, iye akugona ndi njala.

Pakati pa nthabwala ndi makatuni pali munthu mmodzi amene aliyense wolowa m'nyumba ya vidiyo amamudziwa, Mr Bean. Mngerezi Rowan Atkinson anajambula zigawo 15 zokha za seweroli pakati pa 1990 ndi 1995. Chimene chinamufikitsa mpaka m'midzi ya kuno n'chakuti salankhula kwenikweni, kotero wosadziwa Chingerezi amaseka mofanana ndi wodziwa. Mu 2002 anamusandutsa katuni, ndipo zigawo za katuniyo zinaposa 100. Apa m'pamene kusiyana kumaonekera bwino. Mr Bean wamoyo amaseketsa chifukwa ndi bambo wamkulu, wovala jekete ndi tayi, amene akuchita zachibwana pakati pa anthu aulemu, ndipo woonera amamumvera manyazi. Mr Bean wa katuni akhoza kugwa kuchoka padenga n'kudzuka bwinobwino, choncho palibe chodetsa nkhawa. Ana amamukonda, koma kwa wamkulu ndiwo zake zachepa mchere.

Ambiri sadziwa kuti katuni ndi ntchito yolemetsa. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo ojambula pamanja kawirikawiri amajambula 12, chilichonse n'kuoneka kawiri. Ndiye kuti mphindi imodzi imafuna zithunzi 720, pamene ola limodzi limafuna 43,200. Lero makompyuta apeputsako ntchitoyi, komabe imadya zaka ndi ndalama zankhaninkhani. Chifukwa cha ichi makampani amaopa kutaya chuma chawo pa nkhani yatsopano imene sakudziwa ngati anthu aikonde. Amakonda kutenga nthano kapena buku lodziwika kale n'kuliveka zithunzi. Funso n'kumati, nthano ikalowa m'kanema imapindula chiyani ndipo imataya chiyani?

Yankho lili pa Kalulu. Palibe mwana wa Mchewa kapena Mngoni woleredwa ndi agogo amene sanamve za chilala chija, pamene nyama zonse zinakumba chitsime Kalulu atakana, iye n'kumabwera usiku kudzanyenga alonda ndi uchi, kuwamanga ndi kusamba m'madzi a eni ake, mpaka tsiku limene anakakamira pa ulimbo. Nthano zofanana ndi imeneyi zinaoloka nyanja pamodzi ndi anthu amene anagwidwa ukapolo. Ku America, Joel Chandler Harris anazimva kwa anthu akuda a m'minda ya kumwera n'kuzisindikiza mu 1880, kalulu wake akutchedwa Br'er Rabbit, amenenso amakakamira pa chidole chopakidwa phula.

Mu 1946 kampani ya Disney inatenga nthanozi n'kupanga filimu ya Song of the South, yosakaniza anthu amoyo ndi makatuni. Zithunzi zake zinali zokongola, nyimbo zake zokoma. Koma anthu akuda ambiri a ku America anaikana, ati chifukwa imaonetsa moyo wa m'minda ya azungu ngati wa chimwemwe chokhachokha. Nthano ya kanyama kakang'ono kamene kamapulumuka kwa amphamvu ndi nzeru zake, imene akapolo ankatonthozana nayo, inasanduka chosangalatsa ana a mabwana. Mpaka lero kampaniyo siionetsa filimuyi pa Disney+. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitsanzo china ndi The Lion King ya 1994, imene ana ambiri a m'midzi muno anaionera. Maina ake ena ndi a Chiswahili: Simba ndiye mkango, Rafiki ndiye bwenzi. Inaonetsa dziko lonse kukongola kwa tchire la ku Africa, koma m'filimu yonseyo mulibe mudzi, mulibe munda, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Komanso nzeru yake ndi yosiyana ndi ya nthano za kuno. M'nthano za agogo mkango ndi wamphamvu koma wopusa, ndipo wopambana ndi Kalulu kapena Kamba. M'filimuyi wobadwira ku ufumu ndiye wabwino, ndipo afisi ndi oipa chifukwa chakuti anabadwa afisi. Mu 2019 anaipanganso ndi makompyuta kuti nyama zioneke ngati zenizeni, ndipo inabweretsa ndalama zoposa madola 1.6 biliyoni. Koma ambiri anadandaula kuti mkango weniweni sumwetulira ndiponso sugwetsa nkhope, kotero chisoni ndi chimwemwe zimene zinkaoneka pa zojambula zakale zinazilala. Luso linakwera, nkhani n'kutsika.

Si onse amene anaphonya. Mu 1998 Mfalansa Michel Ocelot, amene anakulira ku Guinea, anatulutsa katuni ya Kirikou kuchokera ku nthano za kumadzulo kwa Africa, nyimbo zake zitapekedwa ndi Youssou N'Dour wa ku Senegal. M'menemo muli mudzi, muli amayi osinja, muli kasupe wouma. Kamwana ka Kirikou sikathamangira kupha mfiti imene ikuzunza mudziwo. Kamafunsa kaye chimene chinaipitsa mtima wake, mpaka kupeza munga umene unabayidwa pamsana pake. Imeneyi ndi nthano imene inalowa m'kanema osasiya mtima wake pakhomo, ndipo ili ndi phunziro kwa midzi imene nkhalamba zimanamiziridwa ufiti popanda wofunsa.

Oyandikana nawo ayambapo kale. Ku Maputo, Nildo Essá anapanga katuni ya Os Pestinhas e o Ladrão de Brinquedos mu 2013, ana ake akusewera m'makwalala a dziko lino. Mu 2023 kampani ya Netflix inatulutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a mumzinda wa Lusaka, imene anailenga mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Mtsikana woonera amaona munthu wa khungu ndi tsitsi ngati lake akupulumutsa mzinda. Chotsalira n'chakuti zonsezi ndi nkhani za m'tauni, ina ya m'Chipwitikizi ina ya m'Chingerezi, ndipo mwana woweta mbuzi ku Macanga sanadzionebe.

Mpata umenewu ndi umene anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa alowapo. Amachotsa mawu a eni ake n'kuikamo awo, munthu wa ku China n'kumalankhula za kachewere ndi kabaza. Anthu amaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo zimatsimikiza kuti anthu ali ndi ludzu lomva chilankhulo chawo m'kanema. Koma womasulira akafuna kukometsa amaponyamo mawu otukwana ngakhale m'katuni ya ana, kholo n'kumaganiza kuti poti ndi zidole ndiye kuti zili bwino. Si katuni iliyonse imene ili ya ana, ndipo ngakhale ya ana ikhoza kuipitsidwa ndi pakamwa pa womasulira.

Ngakhale katuni itakoma chotani, pali zimene singachite. Agogo akati padangokhala, ana amayankha kuti tilitonse, ndipo mwana amene wasiya kuyankha amadziwika kuti wagona. Nyimbo ikafika, onse amavomera. Agogo amaidziwa nkhope ya mwana aliyense, kotero ngati wina anaba chiponde masana, usiku womwewo Fisi wa m'nthano amakhala wakuba chiponde. Mwana aliyense amadzijambulira Kalulu wake m'mutu, ndipo mawa amayesa kuinena yekha nthanoyo kwa anzake, m'menemo n'kumaphunzira kuyala nkhani pagulu. Kanema amapereka zonse zophikaphika. Safunsa, sayankhidwa, ndipo amanena chimodzimodzi kwa wakuba chiponde ndi kwa amene sanabe.

Komabe kutseka nyumba za vidiyo kapena kulanda ana malamya sikungabweze nthano. Chimene chingathandize n'chakuti mafumu ndi makomiti a sukulu agwirizane ndi eni nyumbazi kuti ana asalowemo nthawi ya maphunziro, ndiponso kuti nthabwala za akuluakulu zizionetsedwa usiku, masana n'kusiyira za ana. Kholo limene likupereka lamya kwa mwana liyambe laonera lokha zimene zili pa kakhadiko. Ndipo oonera akamva wanthabwala akunyoza wolumala kapena wachialubino, asaseke, pakuti wanthabwala amalima pamene khasu likulowa. Akaona kuti anthu ali duu, mawa sabwerezanso.

Sukulu nazo zili ndi mbali yake. Chigawo cha Tete ndi chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesera kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo pakati pa 1993 ndi 1997, kuno m'Chinyanja ndipo ku Gaza m'Chichangana, dongosololi lisanafalikire m'zigawo zina kuyambira 2003. Mphunzitsi wa kalasi yotere akhoza kuuza ana kuti aliyense akabwere ndi nthano imodzi kuchokera kwa agogo ake, ainene, kenaka aijambule m'kope chithunzi ndi chithunzi. Amene amapanga makatuni ku Maputo ndi ku Lusaka nawonso amayamba ndi pensulo ndi pepala.

Lamya yomweyo imene yachotsa ana pamoto ikhoza kugwiranso ntchito ina. Mdzukulu amene amadziwa kujambula mawu akhale pansi ndi agogo ake madzulo, awajambule akunena nthano pamodzi ndi nyimbo zake, ndipo asunge. Nkhalamba zimene zinamva nthanozi nkhondo isanabalalitse midzi zikutha chaka ndi chaka. Tsiku limene mwana wa ku Tsangano kapena ku Macanga adzaphunzire kupanga katuni, adzafuna nkhani yoti aiveke zithunzi. Akadzapeza kuti kwawo sikunasungidwe kalikonse, adzakabwereka Kalulu kwa Disney, wolankhula Chingerezi ndi wosadziwa njira ya ku chitsime.